MANAMBALA ANU SITIGULITSA

  Wa lerowu ndi wautaliko. Ngati bandulo yatsala pang'ono musadandaule, ndi malemba okhaokha, mulibe vidiyo. Werengani mpaka pansi chifukwa nkhani yake ndi ya nambala imene mukuwerengerapoyo.

Lachiwiri lapitali mmodzi mwa ma admin athu analandira foni kuchokera kwa bambo wina amene anati ali ndi kampani yotsatsa malonda. Anayamba ndi kutiyamikira, akuti tikugwira ntchito yotamandika, achinyamata m'dziko muno akufunika owayankhulira. Atatha kutipaka mafuta anafika pa chimene anaimbira. Amafuna manambala a anthu onse amene ali m'magulupu athu, pamodzi ndi mayina ndi dera limene aliyense amakhala. Anati alipira pa nambala iliyonse, ndipo tikawonjezera kuti uyu ali ndi digiri, uyu ali pa ulova, uyu ali ndi kageni, mtengo ukwera. Ndalama zake kutumiza pa foni tsiku lomwelo.

Komiti inakumana Lachinayi. Sitikunamizani, si tonse amene tinakana pompopompo. Thumba lathu mukulidziwa, ndi lobooka. Nsalu ya mabanala timachita kusonkherana, transipoti yopita kukapereka kalata kwa DC timabwereka. Mnzathu wina anafunsa funso limene mwina nanunso mukanafunsa: "Manambala amenewa mesa ali kale paliponse? Tikakana ife, bamboyo akagula kwina, ife n'kutsala ndi njala yathu." Tinakangana mpaka mdima. Mapeto ake tinagwirizana chimodzi, kuti manambala anu sitigulitsa, sitibwereketsa, sitisinthanitsa ndi chilichonse. Anzanga andituma ine kuti ndikufotokozereni chifukwa chake, poti geni imeneyi ndinaigwirako ndi manja anga.

MA LEAD NDI CHANI?

Anthu a zamalonda ali ndi dzina la chimene bamboyo amafuna. Amati ma lead. Lead ndi munthu amene akumuganizira kuti angagule katundu wawo, ndiye amafuna dzina lake, nambala, imelo, kumene amakhala ndi vuto limene ali nalo. Wa ngongole amafuna mndandanda wa anthu amene zawathina. Wa kubetcha amafuna anyamata okonda mpira amene alibe ntchito. Wa sukulu ya mkomya amafuna amene analephera kulowa ku yunivesite ya boma. Nambala yopanda mbiri ndi yotchipa. Nambala imene ikunena kuti mwini wake ndi ndani komanso chikumupweteka n'chani, imeneyo ndiye imadula.

Pali njira yabwinobwino yopezera ma lead. Munthu waona malonda anu, wakufunsani mtengo, wasiya nambala kuti mudzamuuze katundu akafika. Pamenepo palibe mlandu, wavomera yekha ndipo akudziwa amene wamupatsa.

Koma mindandanda imene imayenda pa Excel n'kumagulitsidwa ngati kaunjika nthawi zambiri imachokera kwina. Imachokera ku linki yakuti "tikufuna achinyamata 50, lembani fomu iyi" pamene ntchitoyo kulibe. Imachokera ku mpikisano wa bandulo yaulere umene palibe amene anapambanapo. Imachokera ku kabuku ka pa geti kamene timalembamo dzina ndi nambala, wina n'kungokajambula ndi foni. Imachokeranso m'magulupu a WhatsApp, chifukwa mu gulupu wamba aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo gulupu imodzi imatha kukhala ndi anthu 1,024. Munthu mmodzi akalowa magulupu khumi odzaza, watuta manambala oposa 10,000 osatuluka thukuta. Fayilo imodzi yomweyo imagulitsidwa kwa uyu, kwa uyo, ndi kwa wachitatu, chifukwa fayilo siitha ngati thumba la makala. N'chifukwa chake mukangolemba fomu imodzi yolakwika, foni siipumanso.

ZIMENE NDINAONA NDI MASO ANGA

Ndili ndi zaka 24. Digiri ndili nayo, chithunzi cha gauni chili pakhoma kwa mayi anga, ntchito ndilibe. Chaka chatha ndinapeza kaganyu ka masabata atatu pa kaofesi kena m'tauni. Malipiro anali a komishoni basi. Amakupatsa foni ya mabatani, mayunitsi, ndi mapepala a manambala, iwe n'kumaimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo kutsatsa ngongole. Anatiphunzitsanso yankho. Munthu akafunsa kuti nambala yanga mwaitenga kuti, uzingoti ili mu sisitimu.

Tsiku lina ndinaimba nambala, ndinatchula dzina la bambo amene analembedwa papepalapo. Anayankha ndi mayi. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Amene mukuwafunawo tinawaika m'manda miyezi iwiri yapitayo. Inu ndi wachitatu sabata ino. Nambalayi mukuitenga kuti?" Yankho la sisitimu lija linakana kutuluka pakamwa. Ndinangopepesa n'kudula. Bwana atamva anati dumpha, imba yotsatira.

Sabata yachitatu, ndikutsika ndi chala papepala latsopano, ndinapeza dzina langa. Nambala yanga, dera lathu, ndi imelo imene ndinatsegula kuti ndizifunsira ntchito basi, imene sindinapatsepo munthu wina aliyense. Apo ndinadziwa kumene mndandandawo unachokera. Mwa mafomu onse a ntchito amene ndinalemba usiku ndi bandulo yobwereka, ena sanali a ntchito ayi. Anali makoka. Wina anaona ulova wanga n'kuusandutsa katundu, wina anagula, ndipo ine mwini wake ndinalembedwa ganyu yoti ndidziimbire ndekha kudzitsatsa ngongole. Komishoni imene ndinapeza pa masabata atatuwo siinakwane ndi transipoti yomwe.

Ndiye bambo uja atanena kuti mtengo ukwera tikasonyeza amene ali pa ulova, ine ndinadziwiratu pepala limene mayina anu akanakathera.

LAMULO LIKUTI CHANI?

Ambiri timaganiza kuti m'Malawi muno nkhani za manambala zilibe lamulo. Lilipo, ndipo si limodzi.

Choyamba ndi malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Gawo 21 limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo limatchula ndithu za kusalowerera pa kulumikizana kwa munthu ndi anzake, kaya ndi pa kalata kaya pa lamya.

Chachiwiri ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Ambiri timalidziwa lamuloli chifukwa ndi limene anthu akhala akumangidwa nalo pa zimene alemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Koma m'lamulo lomwelo mulinso ndime zoteteza wogula ku mauthenga a malonda amene sanawapemphe. Tikufunsa kuti, changu chimene chimakhalapo munthu akanyoza wamkulu pa intaneti, chimapita kuti pamene wovutika ndi ife ndi mafoni athu?

Chachitatu, chimene ndi chachikulu pa nkhani ino, ndi Data Protection Act ya 2024, imene inayamba kugwira ntchito mu June chaka chomwecho. Bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Mfundo zake zikuluzikulu n'zosavuta kumva. Dzina lanu, nambala yanu, nambala ya chiphaso chanu, zonsezo ndi mbiri yanu, ndipo wofuna kuzitolera kapena kuzigwiritsa ntchito ayenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka ndi lamulo. Ngati chifukwa chake ndi chakuti munavomera, kuvomerako kukhale kwa mtima wanu, mukudziwa chimene mukuvomera, komanso pa ntchito yodziwika. Zimene anatolera pa cholinga china asazitembenuzire ku cholinga chosagwirizana nacho. Muli ndi ufulu wofunsa kuti akusunga chani chokhudza inu, wouza kuti akonze zolakwika, wopempha kuti afufute, ndi wobweza chilolezo chimene munapereka. Akaberedwa mbiri za anthu, lamulo limawapatsa maola 72 kuti adziwitse oyang'anira.

Lamuloli lili ndi zifukwa zina zimene kampani ingasungire mbiri yanu, monga pamene banki ikukwaniritsa mgwirizano umene munasaina, kapena pamene lamulo lina likuwakakamiza. Koma munthu amene wagula fayilo pa WhatsApp, osadziwa ndi kumene yachokera komwe, adzaloza chifukwa chiti?

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chilolezo sichiyenda ndi fayilo. Inu munatipatsa ife nambala kuti tizikuuzani za misonkhano ndi zionetsero. Simunavomere kuti wa ngongole azikuimbirani. Kumudzi ukabwereketsa khasu kwa mnansi kuti akalimire dimba lake, iye alibe mphamvu yokaligulitsa pamsika, ndipo wogulayo sangaime pabwalo la mfumu n'kumati ndi langa poti ndinalipira. Ife tikanagulitsa tikanalakwa. Bamboyo akanagula akanalakwanso, chifukwa kulipira ndalama sikusandutsa "eya" amene munatiuza ife kukhala "eya" wa kwa iye.

KWA ANZATHU ZIKUYENDA BWANJI?

Tisamaone ngati ndi zachilendo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali, lamulo lotchedwa POPIA linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Gawo 69 limati sungatumize malonda pa SMS kapena imelo kwa munthu amene sanavomere, pokhapokha ngati ndi kasitomala wako kale. Mlendo umaloledwa kumufunsa kamodzi kokha ngati akufuna. Uthenga uliwonse uzinena amene watumiza komanso njira youletsera. Chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni.

Ku Kenya ali ndi lamulo lawo la 2019. Mu September 2023 ofesi yoyang'anira lamulolo inalipiritsa kampani ina yobwereketsa ndalama pa foni mashilingi 2,975,000 chifukwa chogwiritsa ntchito mayina ndi manambala amene inawapeza kudzera mwa anthu ena, n'kumaimbira ndi kuopseza eni ake. Ku Zambia lamulo lotere lilipo kuyambira 2021.

Ku Ulaya kuli GDPR kuyambira pa 25 May 2018. Chindapusa chake chimafika 20 miliyoni ya ma euro kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapanga pa chaka. Ku America lamulo la CAN-SPAM la 2003 ndi lofewerapo pa imelo, koma limafunabe kuti usabise amene uli, uike adiresi yeniyeni, ndipo munthu akati musiye usiye pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Pa mafoni ndi ma SMS ali ndi lamulo lina la 1991 limene limalola munthu kusumira $500 pa uthenga umodzi wophwanya lamulo, mpaka $1,500 ngati unachita dala.

Tatchula za kunjazi chifukwa tikudziwa kuti ena mwa inu mumapeza maganyu pa intaneti, kusakira azungu ma lead pa laputopu muli ku Chilomoni. GDPR imakhudzanso amene ali kunja kwa Ulaya ngati akutsatsa malonda kwa anthu a kumeneko. Kasitomala wanu akapezeka pa mpanipani, funso loyamba limene adzafunsidwe ndi lakuti mayinawa anachokera kuti, ndipo chala chidzaloza inu.

CHIFUKWA CHINA, CHOPOSA MALONDA

Mndandanda wathu si wa ogula nsapato. Ndi wa anthu amene anavomera kuyankhula pa zimene zikuvuta m'dziko muno. Kuyambira 2018 SIM khadi iliyonse imalembetsedwa, ndipo chiphaso cha unzika ndi chimene ambiri tinalembetsera. Nambala yanu ndi dzina lanu lenileni ndi chinthu chimodzi tsopano. Fayilo ikatuluka m'manja mwathu sitingaiitanenso kuti ibwerere. Bambo uja anati ndi wa malonda, chabwino, mwina amanena zoona. Nanga amene iye angamugulitse mawa ndi ndani? Mwina wandale wofuna mavoti. Mwina wakuba uja wa "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", amene akadziwa dzina lanu ndi dera lanu bodza lake limamveka ngati la m'bale. Mwina bwana amene akufuna kuona ngati amene wabwera pa intavyu amapita ku zionetsero.

Zinachitikapo kwina. Mu June 2021 anthu ambiri ku Kenya atafufuza pa intaneti anapeza kuti analembedwa kukhala mamembala a zipani zimene sanalowepo. Mu 2018 dziko lonse linamva za Cambridge Analytica, kampani imene inafikira mbiri za anthu mpaka 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri mwa iwo osadziwa kanthu, ndipo inali kampani yothandiza andale pa kampeni. Chaka chotsatira Facebook inalipiritsidwa $5 biliyoni ku America. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife timaima pamsewu kudzudzula anthu amene anapatsidwa chuma cha tonse kuti asunge, iwo n'kuchiyesa chawo. Manambala anu ndi chuma chokhacho chimene gulu lino linasungitsidwa. Tikanachigulitsa pa mayeso oyamba, mawa tikanatsegula pakamwa pati?

KWA INU AMENE MUKUPHUSHA GENI

Tikudziwa kuti pa mndandanda uno pali ogulitsa zovala, mafuta onunkhira, makeke, mafoni, ena ndi ma ejenti a inshuwalansi. Mwina wina anakutsatsanipo fayilo, "manambala 5,000 a ku Lilongwe, onse ogwira ntchito, mtengo wochezeka." Sitikuweruzani. Njala tikuidziwa tonse. Koma musanatumize ndalama, mufunseni wogulitsayo mafunso awa:

1. Manambalawa munawatolera kuti, liti, ndipo ndani anatolera?
2. Eni ake anauzidwa kuti adzaperekedwa kwa anthu ena a malonda? Ndionetseni mawu enieni amene anali pa fomupo.
3. Umboni woti aliyense anavomera uli kuti? Tsiku lake, njira yake?
4. Amene anati musandiimbirenso anachotsedwamo?
5. Fayiloyi mwagulitsa kale kwa anthu angati?
6. Mungasaine kuti zimene mwanenazi ndi zoona, ndi dzina la kampani yanu?

Akayamba chibwibwi kapena kukuuzani kuti musamavute aise, aliyense akupanga zomwezo, dziwani kuti mukugula mlandu. Wogulitsa akalandira yake amasowa. Amene amaimba foni ndi inu, dzina limene limatukwanidwa ndi la geni yanu.

Ngakhale mutaiwala za lamulo, masamu ake sagwira. M'fayilo yogula muli manambala akufa, a anthu omwalira, a anthu amene atopa kale ndi oimba anayi amene anagula inu musanagule. Mukawathira uthenga pa WhatsApp amakupangani block ndi report, ndipo WhatsApp imatseka manambala amene akutumiza mauthenga ambirimbiri kwa anthu osawadziwa. Tsiku limodzi mudzadzuka nambala ya geni yatsekedwa, makasitomala enieni amene munawasonkhanitsa zaka ziwiri apita nayo limodzi.

Njira yochedwa ndi imene imafikitsa. Aliyense amene wagula kwa inu mufunseni, "Ndizikutumizirani katundu watsopano akafika?" Akati eya, sungani yankho lakelo ndi tsiku lake. Akati ayi, mulemekezeni. Uthenga uliwonse uzinena kuti ndinu ndani komanso kuti wosafuna angoyankha kuti "siyani". Akatero musiyedi tsiku lomwelo, osati kumuimbira pa nambala ina. Musafunse zimene simukuzifuna. Wogulitsa makeke alibe nazo ntchito nambala ya chiphaso. Foni yanu ikhale ndi pasiwedi, fayilo isamayende pa mafulashi a anzanu. Anthu 200 amene anakupatsani nambala ndi manja awo adzakugulani kuposa 5,000 amene akudabwa kuti ndinu ndani.

Ndipo kwa inu amene muli pa kaganyu ngati kanga kaja, sitikuti musiye ntchito mawa. Koma munthu akati mundichotse, lembani ndipo mukauze bwana. Munthu akafunsa kumene nambala yachokera, ali ndi ufulu wofunsa, musamuseke.

MMENE IFE TIKUSUNGIRA MANAMBALA ANU

Sitingadzudzule ena tisanasese pakhomo pathu. Titafufuza tinapeza kuti nafenso tinali ndi zibwana. Mapepala a mayina a pa msonkhano wina anali m'chikwama cha mnzathu miyezi inayi. Fayilo imodzi inali m'mafoni a anthu asanu ndi awiri. Tinkalembetsa ndi dera lomwe pamene sitinkalifuna kwenikweni. Tikupepesa. Kuyambira lero zikhala motere:

1. Nambala yanu ndi ya mauthenga a gulu lino basi. Sitipereka kwa kampani, chipani, bungwe kapena munthu wofuna kutithandiza ndi ndalama.
2. Mndandanda wonse uzisungidwa ndi anthu awiri okha osankhidwa ndi komiti. Ena onse afufuta pamaso pa anzawo.
3. Mapepala a pamisonkhano tiziwotcha tikangolowetsa manambala. Akale aja tawotcha Lachisanu.
4. Sitidzakufunsani nambala ya chiphaso, chithunzi cha chiphaso kapena PIN. Wofunsa zimenezo m'dzina lathu ndi wakuba.
5. Mauthenga aziyenda pa broadcast ndi pa channel. Broadcast imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yathu, ndipo wina saona nambala ya mnzake. Magulupu akuluakulu otseguka tiwatseka pang'onopang'ono.
6. Wofuna kuchoka angolemba kuti "ndichotseni". Tichotsa tsiku lomwelo, popanda kufunsa chifukwa.

Mukadzaona kuti taphwanya chimodzi mwa izi, mutiyaluse poyera. Ndi ufulu wanu.

ZIMENE TIKUPEMPHA

Kwa a MACRA: lamulo lili m'buku, koma mnyamata wa ku Mtandire sakulidziwa. Lifalitseni m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi zinenero zina, pa wailesi ndi pa foni. Njira yodandaulira ikhale yapafupi, yoti munthu angathe ndi foni ya mabatani. Ndipo mukagamula dandaulo, lengezani poyera kuti ena atengerepo phunziro.

Kwa makampani a mafoni: tipatseni njira imodzi yosavuta, yaulere, yoletsera mauthenga a malonda, ndipo muziilengeza mmene mumalengezera mabandulo atsopano.

Kwa olemba ntchito ndi onse otolera ma CV: CV ndi pempho la ntchito. Muli dzina, nambala, sukulu, mayina a anthu atatu otichitira umboni amene sanakulembereni n'komwe. Ngati simunatitenge, fufutani. Musadye pa ulova wathu.

Kwa makampani ogula ma lead: funsani kumene akuchokera. Kusafunsa dala si chitetezo.

INU MUCHITE CHANI LERO?

Lowani mu WhatsApp, pitani ku Settings, Privacy, Groups, musankhe kuti okulowetsani m'magulupu akhale okhawo amene muli nawo mu foni. Ndi mphindi imodzi.

Linki ya ntchito ikabwera, yang'anani kaye. Kampaniyo ili ndi dzina? Ili ndi ofesi? Ntchitoyo yalengezedwanso pa tsamba lawo kapena m'nyuzipepala? Fomu yofunsa chiphaso ndi manambala a abale anu musanaitanidwe ndi ku intavyu komwe, ithaweni. Ndipo musamangofowada linki iliyonse m'magulupu a m'kalasi poganiza kuti mukuthandiza. Ine amene ananditumizira linki ija anali mnzanga wapamtima, ndipo amandifunira zabwino.

App ya ngongole ikapempha kuona manambala onse a mu foni mwanu, kumbukirani kuti mukupereka mayi anu, abusa anu ndi aphunzitsi anu akale, amene sanavomere kanthu.

Wa malonda akakuimbirani, musangodula. Funsani modekha: ndinu a kampani yanji, nambala yanga mwaitenga kuti, ndichotseni. Lembani tsiku ndi nthawi, jambulani sikirinishoti ya uthengawo. Akabwerezanso, muli ndi umboni wokadandaulira ku MACRA. Amene akuimbayo musamutukwane. Mwina ndi mnzathu wa digiri, ali pa komishoni, sanadye nkhomaliro. Mkwiyo wanu upite kwa amene anamupatsa pepalalo.

Amene mwakumana nazo zoterezi, tilembereni mmene zinayendera. Tikufuna tisonkhanitse madandaulo n'kukapereka pamodzi, chifukwa dandaulo la munthu mmodzi limasowa mu kabati. Dzina lanu tidzaliikapo pokhapokha mutatiuza kuti tiike.

Bambo uja anaimbanso Loweruka, atawonjezera mtengo. Admin wathu anamuuza kuti manambalawo si athu, eni ake alipo, ngati akuwafuna aike malonda ake poyera, wofuna amutsata yekha. Anadula foni osatsanzika. Mabanala a msonkhano ukubwerawu tilemba pa makatoni ngati kale, ndipo amene ali ndi penti yotsala kunyumba atiuze.

Uthengawu mutha kuutumiza kwa mnzanu amene mukudziwa kuti umuthandiza. Koma musatilembetsere munthu. Wofuna kulowa atilembere yekha.

Tionana pa msonkhano.